Mitsue Adzisudzula Yekha

Mitsue anapita kwa loya atavala jekete lakuda lomwe anavala poika maliro a mwamuna wake, poti anamva kuti maloya samvetsera munthu wa juzi lonunkha anyezi. Lachiwiri lililonse ku ofesi ya mzinda kunkabwera loya wothandiza anthu mwaulere. Koma chaulere chili ndi malire ake: munthu aliyense mphindi makumi atatu, ndipo kawotchi ka patebulo kankayang'ana wodandaula, osati loya.

Loyayo, a Hoshikawa, anali mdala wa zikope zolemera ngati munthu wokhuta mpunga masana. Atamufunsa chomwe wadzera, Mitsue anati akufuna kusumira banja lonse la Kanbayashi, amoyo ndi akufa omwe.

Kenaka anayala nkhani yake. Anatengwa ali mtsikana kukalowa m'nyumba ya apongozi ake, mayi Tsuru, ndipo wakhala akuwaphikira zaka makumi atatu ndi chimodzi osamvapo zikomo. Zaka zisanu ndi zinayi zapitazo gogoyo anafa ziwalo mbali imodzi. Kuyambira pamenepo wowasambitsa ndi Mitsue, wowatembenuza ndi Mitsue, wa matewera ndi Mitsue yemweyo. Tsopano mwamuna wake Yasuji wamwalira, ndipo mng'ono wa malemuyo, a Norio a ku Sendai, omwe amaoneka kawiri pachaka ndi kabokosi ka makeke ogula pa siteshoni, anena kale pa foni kuti palibe chisinthe. Banja la Kanbayashi silitaya kholo ku nyumba yosungirako okalamba. Anthu adzati chiyani? Mtengwa alipo.

A Hoshikawa anamusiya alankhule mpaka kawotchi kanadya mphindi makumi awiri ndi zisanu. Kenaka anatsegula kabati n'kutulutsa pepala limodzi.

"Mayi, khoti lisiyeni, mlandu palibe," anatero. "Mwamuna akamwalira, lamulo limalola mkazi kuthetsa ubale ndi abale a mwamunayo. Mulembe apa ndi apa, mukapereke pansipa pa windo lachitatu. Basi."

Mitsue anafunsa kuti wina wodinda chidindo chake papepalalo ndani. Palibe. Nanga a Norio akakana? Safunsidwa n'komwe, ndipo ofesi siiwauza. Penshoni ya malemu? Ikhalabe yake. Nanga akadzafa, adzamukakamiza kugona m'manda a banjalo, pansi pa apongozi ake? Loya anati akufa savuta, ovuta ndi amoyo, koma manda akhoza kusankha yekha. Anawonjezera kuti udindo wosamala kholo umayambira kwa mwana wake weniweni, ndiponso kuti pepalalo likadindidwa silibwerera.

Anatuluka muja ali wokwiya kuposa mmene analowera. Mawu a zaka zonsezi anali atawakonza kuti akawakhuthule pamaso pa woweruza, a Norio ali poteropo akutuluka thukuta. Kunola nkhwangwa mlungu wonse, n'kupeza chodula chake ndi phesi!

Pepalalo linakhala m'chikwama masiku khumi ndi asanu ndi limodzi. Kawiri anafika pakhomo la ofesi n'kubwerera. Sikuti ankaopa a Norio. Chinkamugwira mwendo ndi thupi la gogo lija, lomwe ankalidziwa kuposa lake. Ndani wina angadziwe kuti supuni ikadzaza amatsamwa, kuti khungu la pamsana limang'ambika ngati pepala lonyowa, kuti akati "choka" ndiye kuti akufuna bulangete lachiwiri? Mayi Tsuru anali ndi pakamwa pa lumo, inde, koma lumo lomwe wameta nalo zaka zambiri umalidziwa pogwira. Komanso m'tauni yaing'ono ngati ija, mkazi wothawa apongozi odwala amamunena mpaka kwa wogulitsa nsomba.

Amene anamuthandiza kuganiza ndi a Norio omwewo. Anaimba Lachinayi m'mawa kukumbutsa za mwambo wa tsiku la 49 chimwalirire Yasuji. Anati kudzabwera anthu makumi awiri, chakudya chisadzakhale chogula, ndipo zofunda zawo aziyanikiretu padzuwa poti ulendo watha zinkanunkha chinyezi. Pomaliza anaseka, amvekere alamu ndi amwayi, sadziwa mavuto a pantchito, amangokhala pakhomo.

Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Masana omwewo Mitsue anaima pa windo lachitatu. Kalaliki wake anali ndi chimfine. Anayetsemula, anawerenga, anadinda, anayetsemulanso. Uchitengwa wonse unathera pakati pa kuyetsemula kuwiriko.

Tsiku la mwambo wansembe anabwera, anapemphera pa guwa la makolo, anamwa tiyi n'kumapita. Abale anakhala pamikeka kuzungulira matebulo. Mitsue anaphika zonse monga anauzidwira, ndipo anaphika bwino dala, kuti adzazikumbuke. Mowa wa mpunga utafika m'makutu, a Norio anaimirira kuthokoza. Anati mkulu wawo wapita koma nyumba siigwa, chifukwa ili ndi mzati, ndipo mzatiwo ndi alamu awo okondedwa. Anthu anagwedeza mitu, pakamwa pali podzaza.

Mitsue anadzuka, analowa kubafa, nabwera ndi beseni. Munali thaulo, magolovesi ndi matewera. Analiika patsogolo pa a Norio, pakati pa mbale ya nsomba ndi botolo, nagwada mwaulemu wonse.

"Ichi n'chiyani, alamu?"

"Mlamu wanu ndani? Ine kuyambira Lachinayi ndine mlendo m'nyumba muno. Ndadzisudzula ndekha, boma ladinda. Sitima yanga ndi ya folo koloko, mwana wanga Chisato akandichingamira ku Morioka."

A Norio anayamba ndi kuseka, koma palibe anawathandiza. Atawerenga kalata ya ku ofesi yomwe Mitsue anawapatsa, nkhope inasanduka ngati nkhanu yophika. Anati zimenezi sizingatheke popanda iwo kuvomera. Anati malemu akulira kumene ali. Anati apeza loya, ndipo nkhaniyi ikathera kukhoti.

"Pitani Lachiwiri, ndi zaulere," anatero Mitsue. "Koma muzikalankhula msanga, kawotchi kake kamathamanga."

Apo a Norio, osayang'ana n'komwe, anakankha beseni ndi chala kulowera kwa mkazi wawo Kazue, yemwe anali phee pangodya. Izi Mitsue sanaziganizire: kuti goli akalivula iye, ligwera pakhosi pa mkazi mnzake. Anatambasula mkono, nalibweza beseni pomwe linali.

"Bere la amayiwa munayamwa ndinu, bambo. Kazue anayamwa kwawo." Anatembenukira kwa mnzakeyo. "Chaona mnzako chapita, Kazue. Ndi windo lachitatu, usaiwale. Kungoti pamafunika mwamuna ayambe wafa."

Amalume ena okalamba anatsamwa ndi mowa, ndipo sizinadziwike ngati kunali kutsokomola kapena kuseka.

Chinatsala chinali chovuta kuposa zonse. Chipinda cha mayi Tsuru chinalekana ndi pabalaza ndi chitseko cha pepala chabe, choncho gogoyo anali atamva chilichonse. Mitsue analowa, nagwada pambali pa bedi, akudikira lumo. Anali atakonzeka kutchedwa njoka, wosayamika, mwana wa anthu osaleredwa.

Gogoyo anafunsa maso ali kudenga.

"Pepala limenelo layamba chaka chino?"

Mitsue anayankha kuti ayi. Loya uja anamuuza kuti lamulolo ndi lakale, linalipo iwo asanakwatiwe n'komwe.

Mayi Tsuru anatseka maso. Amuna awo anamira panyanja ana ali aang'ono, ndipo iwo anatsala m'nyumba yomweyi akusambitsa apongozi awo zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, m'chipinda chomwechi, madzi otunga panja m'nyengo yachisanu.

"Palibe anandiuza ine," anatero motsitsa.

Mawu onse omwe Mitsue anasungira woweruza aja sanapezemo ngakhale amodzi oyenera pamenepa. Kunja kwa chitseko a Norio ankafunsa abale mmodzimmodzi ngati alipo wodziwa loya wabwino.

"Tandiitanira Norio," anatero gogoyo. "Umuuze kuti ndanyowetsa."

Mwachizolowezi, dzanja la Mitsue linalowa pansi pa bulangete. Munali mouma gwa. Anawayang'ana. Mbali ya pakamwa yomwe inkagwirabe ntchito inali itakwera pang'ono.

"Ukundiyang'ana chiyani? Ndati kamuitane. Iwe ndiwe mlendo, alendo sagwira matewera."

Mitsue anawerama mpaka chipumi kugunda mkeka. Anadzuka, natsegula chitseko, nauza a Norio pamaso pa anthu onse kuti amayi awo akuwafuna, ndipo asaiwale magolovesi.

Chikwama chinali kale pakhomo. Akuvala nsapato anamva beseni likugunda khoma m'kanjira, kenaka chitseko chikutsekeka. Anatuluka, nayenda pang'onopang'ono kudutsa munda wa anyezi. Atafika pa geti, mawu a gogo uja anamupeza konko, amphamvu ngati a munthu yemwe sanadwalepo, akufunsa mwana wawo ngati ku Sendai anthu amafinya thaulo ndi zigongono.