Loweruka la a Penitito

A Penitito Tuala anayala matikiti a ndege patebulo ngati msodzi amene wagwira nsomba yoposa za anzake onse. Kenaka anabwerera m'mbuyo pang'ono kuti akazi awo, mayi Leitu, ndi mlamu wawo Tepora aone bwino.

"Ndagula ndekha," anatero. "Pakompyuta. Osafunsa munthu."

Ulendo wake unali wa pasitima yaikulu ya alendo, yonyamukira ku Auckland, mzinda wa ku New Zealand, kuzungulira zilumba masiku khumi ndi awiri, n'kukathera ku Auckland komweko. Ana awo okhala ku New Zealand ndi amene anawakonzera, pokumbukira zaka makumi anayi za ukwati. Mayi Leitu anali atasoketsa madiresi atatu, ndipo mumzinda wawo wa Apia ku Samoa aliyense, kuyambira kumsika mpaka kukwaya, ankadziwa mitundu yake.

"Koma alamu," anatero Tepora uku akusenda nthochi zaziwisi, "si paja a kampani ya sitima anati akhoza kukukonzerani okha za ndege? Akuti iwo amaonetsetsa kuti masiku akugwirizana."

"Zimenezo n'za anthu osayenda. Ine ndagwira ntchito pabwalo la ndege zaka makumi awiri ndi zisanu. Ndege ndimaidziwa ndi kulira komwe."

"Munakwerapo kangati?"

"Sendani nthochi, alamu."

Mayi Leitu anapukuta manja. "Ine changa n'chimodzi, abambo. Lamlungu la Ana lindipeze kuno. Lupe akanena vesi lake loyamba pamaso pa mpingo, diresi yoyera ndamusokera ndekha. Mukangondiphonyetsa, muzigona pakhonde mpaka Khirisimasi."

Lupe anali mdzukulu wawo wa zaka zisanu, ndipo vesi lakelo nyumba yonse inali italiloweza kale, kupatula mwiniwake.

A Penitito anamwetulira mwachifundo. "Mverani. Sitima ikafika ku Auckland Lamlungu lomwelo m'mawa. Ife tikakwera ndege masana. Ndipo munthu ukachoka ku Auckland Lamlungu, kuno umatera Loweruka. Ukadutsa mzere wosinthira masiku panyanjapo, tsiku limabwerera m'mbuyo. Tidzagona pabedi pathu, kudzuka, Lamlungu kachiwiri."

"Dikoni wathunthu kuyenda ulendo pa Sabata?" Tepora anafunsa.

"Kumwamba amaona tsiku lotera."

Panalibe wotsutsa. Zinkayenda choncho kuyambira makolo, ndipo aliyense anali ndi m'bale amene anadyapo chakudya cha Lamlungu kawiri sabata imodzi.

Sitimayo inali yaitali kuposa tchalitchi chilichonse cha m'Samoa. Mayi Leitu anakwera chikepe kasanu tsiku loyamba, popanda kumene ankapita. Anapeza kuti chakudya sichitha ndipo mbale satsuka ndi iwo. Pofika tsiku lachitatu anali ataphunzitsa azimayi asanu ndi mmodzi a ku Brisbane kuvina ndi manja okha, mapazi ali phee. A Penitito ankayenda pamwamba pa sitima manja ali kumbuyo, kuyang'ana nyanja ngati akuiyendera, ndipo m'mawa uliwonse ankatulutsa jekete yawo kuipukuta. Lachisanu lomaliza kunali phwando la kapitawo wa sitima, ndipo iwo anali atakonza mawu ochepa oti akamuuze pa nkhani ya kayendetsedwe.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri anapita padesiki yothandiza apaulendo. Panalibe chimene ankafuna. Anangoona kuti mayi wa padesikiyo, Mereoni wa ku Fiji, akhoza kuphunzirapo kanthu pa matikiti awo.

Mereoni anawerenga, n'kuwerenganso. "Bambo, apa palembedwa kuti mukatera ku Samoa Lamlungu madzulo."

"Ndinaona. Kompyuta imalakwitsa. Ndi Loweruka."

"Si inu nomwe a ku Samoa munadumpha Lachisanu mu Disembala chaka chathachi? Munagona Lachinayi n'kudzuka Loweruka, kuti tsiku lanu lizifanana ndi la ku New Zealand. Panopa ukachoka Lamlungu umafika Lamlungu."

A Penitito anagwira m'mphepete mwa desiki. Nkhaniyo ankaidziwa bwino. Iwo omwe analembera nyuzipepala kalata ya masamba anayi yotsutsa kusinthako. Kungoti sanaganizepo kuti ndege nazo zinauzidwa.

"Mukanadzera kwa ife," Mereoni anapitiriza mofatsa, "tikanakuuzani musanayambe n'kulongedza komwe, mukanasankha sitima ya sabata ina."

"Sindinafunse zimenezo, mwanawe."

"Pepani, bambo. Koma njira ilipo imodzi. Lachitatu sitimayi iima pa Apia tsiku lonse. Ndikhoza kukupempherani chilolezo kuti mutsikiretu ndi katundu. Kungoti masiku otsalawo muwataya, ndi phwando lomwe."

A Penitito anazungulira sitima yonse katatu. Paulendo woyamba anaona kuti akhoza kungokhala chete mpaka Lamlungu, kenaka n'kukalipira a ndege pamaso pa akazi awo. Mawu okalipira anali nawo ambiri, ena osagwiritsapo ntchito. Paulendo wachiwiri anaganiza za jekete. Paulendo wachitatu anadutsa pakasitolo ka m'sitima n'kuona mayi Leitu akuyeza kansalu koyera kakumutu pa chibakera chawo, poti mutu wa Lupe ndi waukulu choncho.

Anawadikira mpaka atatuluka.

"Mayi, pali kusintha pang'ono pa ndondomeko."

"Mwatani?"

"Loweruka lija kulibe."

"Lapita kuti?"

"Boma linatenga."

Mayi Leitu anawayang'ana nthawi yaitali, kuyambira kunsapato mpaka kudazi. A Penitito anafotokoza zonse, mwamsanga kuposa mmene anafotokozerapo chilichonse m'moyo wawo. Atafika pa za Lachitatu, nkhope ya mayi inasintha.

"Mukuti titsikira pa Apia? Padoko penipeni? Masana, anthu akuona?"

"Ngati mungalole. Kulakwa n'kwanga."

"Mwati chiyani? Mphepo yachuluka, sindinamve."

"Mwamva."

"Ndamva, koma pazaka makumi anayi aka n'koyamba, ndimafuna kamvekenso." Anaseka mpaka kugwira chitsulo cha m'mbali. "Abambo inu! Anzanga onse amabwerera kwawo pandege, atatopa, madiresi atakwinyika. Ine ndifika pasitima ya nsanjika khumi ndi ziwiri! Ndibwerekeni foni. Kwaya yonse ikhale padoko."

"Tepora musamuuze zambiri."

"Ndiyambira iyeyo."

Lachitatu m'mawa mapiri a kwawo anatuluka m'nyanja, obiriwira ngati angotsukidwa kumene. Alendo anadzaza m'mbali mwa sitima ndi makamera, ndipo mayi Leitu, atavala diresi yachitatu imene ankasungira phwando, ankawalozera denga lililonse n'kutchula mwini wake. Apaulendo zikwi ziwiri anatsika ndi zipewa ndi mabotolo a madzi. Awiri okha ndi amene anatsika ndi masutikesi.

Padoko panali gulu lolandira alendo, ng'oma zikulira, atsikana akuveka aliyense nkhata ya maluwa m'khosi. Woimba gitala anali a Faleafa, oyandikana nawo nyumba ku Vaitele, amene mpanda wawo nkhumba za a Penitito zinkaudziwa bwino. Ataona masutikesiwo anasiya kuimba, n'kutenga nkhata imodzi m'manja mwa mtsikana.

"Takulandirani ku Samoa, bwana," anatero mokweza, nkhope ili gwa. "Kodi n'koyamba kufika kuno?"

Mayi Leitu anali atapita kale kutsogolo, atazingidwa ndi azimayi a kwaya, mawu awo akumveka kuposa ng'oma. A Penitito anaika masutikesi pansi, anaweramitsa mutu kuti nkhata ilowe bwino, kenaka anayang'ana mapiri, msika ndi msewu wa m'mbali mwa nyanja mosafulumira.

"Dziko labwino," anatero. "Basi ya ku Vaitele imaimabe pomwe paja?"