Foda ya Dagnachew

Munthu waulemu wopitirira muyezo ine ndimamuopa. Dagnachew atabwera mu ofesi mwathu kuchokera ku Dessie, ankaimirira ndikamalowa, ankandipatsa moni ndi manja awiri, ndipo pakamwa pake panali "Etiye Tiruwork", dzina langa ndi ulemu wopatsa mchemwali wamkulu, kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Ndinadziuza kuti uyu pali chimene akufuna. Anamulemba ntchito moyesera kwa miyezi itatu, ndipo bwana wathu, Gashe Mengesha, anali atanena poyera kuti Chaka Chatsopano chikamayandikira adzafunsa ine ngati bamboyo akhale kapena apite. Ku Dessie anasiyako mkazi ndi ana awiri akudikira kuti ntchito ikhazikike adzawatenge. Ntchito yakeyo inali pa lilime langa, ndipo tonse awiri tinkadziwa zimenezo.

Ofesi yathu imasunga mayina a ana obadwira m'zipatala zazing'ono khumi ndi ziwiri za mbali ino ya Addis Ababa. Namwino akalemba mwana pa kompyuta, zonse zimabwera mu seva yathu, kompyuta yaikulu ya mu ofesi, kalata ya kubadwa n'kutuluka komweko kuchipatalako. Koma seva imawerenga masiku mwachizungu, ndiye pamafunika kapulogalamu kowonjezera, ife timati mojulo, kotembenuza tsikulo kuti likhale la kalendala ya dziko lathu, ya miyezi khumi ndi itatu. Mojulo imeneyo ndinailemba ndine zaka zitatu zapitazo, ndipo inali isanaphonyepo tsiku. Kunena zoona ndinkainyadira kuposa digiri yanga.

Seva ikafuna mojulo siyendayenda. M'fayilo ya malangizo muli mzere umodzi wotchula mafoda oti iyang'anemo, motsatana. Imagogoda khomo loyamba, ikapeza dzina lomwe ikufuna imatenga n'kubwerera, makomo enawo siwalabadiranso. Kwathu mzerewo unkatchula foda imodzi yokha, foda yaikulu momwe munali mojulo yanga, ndipo ndinkaudziwa pamtima ngati nambala ya foni ya amayi anga.

Lachiwiri lina, mvula ikukhuthuka monga imachitira mwezi wa Nehase, ndinatsegula fayiloyo pofuna kusintha zina zosagwirizana ndi nkhaniyi. Ndinaona mzere uja watalika. Kutsogolo kwa foda yaikulu kunali kutalowa foda ina, ya dzina la Dagnachew. Nditalowamo ndinapeza mojulo ya dzina lofanana ndendende ndi yanga, yoikidwa milungu iwiri m'mbuyomo. Ndiye kuti milungu iwiri yathunthu mwana aliyense wobadwa kudera kwathu ankadutsa m'manja mwa mlendo, yanga ili khale osaitanidwa, ine mwini ndikumwa khofi osadziwa kanthu.

Ndinapsa mtima mpaka makutu anatentha. Maganizo anabwera ambirimbiri. Mwina akukopera mayina ndi manambala a azimayi kuti azikagulitsa kwa otsatsa mkaka wa ana. Mwina akufuna tsiku lina zinthu zisokonekere, anthu aloze ine, iye atulukire ngati mpulumutsi n'kukhala pampando wanga. Ndinadzifunsa ndithu kuti ndi wakuba wanji amasiya dzina lake pakhomo, koma yankho ndinalipeza msanga: ndi wakuba amene waona kuti mwini nyumba wakalamba, maso sakuonanso. Pambali pa mojuloyo panali fayilo yosonyeza momwe anailembera, koma sindinaitsegule. Ndinati galu wamkota sakandira pachabe, ndaona kale zokwanira.

Masiku atatu ndinamuyang'anitsitsa osanena kanthu. Akamatayipa ndinkadutsa kumbuyo kwake ngati ndikupita ku makina osindikizira. Akayankha foni n'kutuluka panja, ndinkayang'ana wotchi. Ngakhale kadyedwe kake kanayamba kundikayikitsa, chifukwa masana ankamasula injera yake, buledi wathu wopyapyala, ndi shiro, ndiwo za nyemba zopera, n'kuyamba waitana aliyense, mpaka mlonda wapageti. Ndinkati akugula anthu.

Lachinayi ndinatsikira pansi pa masitepe pomwe Askale amatiphikira khofi. Askale amadziwa za mu ofesi muno kuposa seva.

"Askale, mlendo wathu uja mumamuona bwanji?"

"Dagne? Ameneyo ndi munthu wa Mulungu. Kapu amatsuka yekha."

"Ndiye kutsuka kapu basi mwagwa naye?"

"Nanga inu zaka zonsezi munatsukapo liti, Etiye?" Anaseka akukupiza makala. "Koma masiku ano wangoti kakaka kufunsa za inu. Akuti kodi Etiye Tiruwork amakhala okha nthawi yanji."

"Kuti atani?"

"Ine ndidziwa bwanji? Mwina akufuna kukufunsirani. Simunathe ayi, mukangosiya tsinyalo."

Sindinaseke. Munthu wofufuza nthawi yomwe ndimakhala ndekha, ndinati, akufufuzanso nthawi yomwe sindikhalapo.

Masana omwewo anabwera pa tebulo langa, manja kumbuyo, n'kuwerama pang'ono. Anzathu awiri anali pomwepo akukangana za mpira.

"Etiye, mukapeza mpata ndimafuna tikamwe khofi kunjaku. Pali kanthu kakang'ono kokhudza kalendala."

"Kalendala yatani?"

Anayang'ana anzathu aja. "Ayi, si zonenera pano."

"Ndilibe mpata."

Aka kanali kachitatu kundipempha zimenezi mwezi umenewo. Maulendo awiri oyamba ndinkaganiza kuti akufuna kundinyengerera za ntchito yake. Tsopano ndinati wanunkhiza kuti ndamutulukira, akufuna anditseke pakamwa ndi makiyato, kakhofi ka mkaka.

Lachisanu m'mawa ndinalowa kwa Gashe Mengesha mzere uja nditausindikiza papepala. Iwo za makompyuta sadziwa kwenikweni, anabwera kuchokera ku mbali ya zaumoyo, ndiye ndinawafotokozera mosavuta kuti munthu wasintha njira mwakabisira kuti seva izitenga katundu m'chipinda chake m'malo mwa m'nkhokwe ya ofesi. Anavula magalasi n'kutuma kuti Dagnachew abwere.

"Ato Dagnachew, mzere uwu munasintha ndinu?"

"Ndine, Gashe."

"Anakutumani ndani?"

"Palibe."

"Chifukwa chake?"

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana pansi. "Gashe, mukanandilola ndikanalankhula kaye ndi Etiye Tiruwork paokha."

"Paokha pa chiyani?" ndinatero ine. "Munasintha muli nokha, tsopano fotokozani pagulu. Nenani pompano, bwana akumva."

"Etiye, mphindi zisanu zokha."

"Mwaona, Gashe? Munthu woyera m'manja sapempha zakuseri."

Gashe Mengesha anamufunsanso kawiri, modekha ndithu. Dagnachew anangoti iye sanabe kanthu ndipo sanawononge kanthu, koma zotsalazo sangazinene m'chipinda chimenecho. Thukuta linali litalemba pa kolala yake. Ine ndinaona thukuta la wakuba. Bwana atandifunsa maganizo anga pa za ntchito yake, ndinati munthu wosintha seva ya boma mobisa n'kukana kufotokoza sangapatsidwe makiyi. Anamuuza kuti akadikire kalata kunyumba.

Asanatuluke anaima pakhomo. "Etiye, chonde mzerewo musauchotse Chaka Chatsopano chisanadutse."

Ndinauchotsa iye asanafike n'komwe pageti. Ndinabwezera foda yaikulu yokha, ndinauza seva kuti iwerengenso malangizo, ndinayesa masiku angapo ndipo onse anatuluka bwino. Ndinasinthanso mawu achinsinsi onse. Tsiku limenelo ndinadya nkhomaliro mokoma kwambiri, sindibisa.

Nehase anatha, tinalowa Pagume, kamwezi kathu kotsekera chaka. Mumsewu munadzaza nkhosa ndi nkhuku, atsikana akugulitsa maluwa achikasu pamphambano. Lolemba, tsiku lomaliza la chaka, aliyense mu ofesi ankangoyang'ana wotchi kuti athawire kumsika. Cha m'ma teni foni yanga inalira. Anali Birke, namwino wamkulu wa chipatala china, mayi wosadziwa kuzungulira.

"Tiruwork, makina anuwa aledzera chikondwerero chisanayambe?"

"Zatani?"

"Ndili ndi mwana pano wabadwa m'mawa uno, akuyamwa ndikumuona. Pepala lanu likuti wabadwa mawa."

"Mawa bwanji?"

"Likuti Meskerem 1, chaka chamawa. Bambo ake akundifunsa ngati ndine mneneri. Ndiwayankhe chiyani?"

Ndinayang'ana kalendala yapakhoma. Pagume amakhala ndi masiku asanu, koma chaka chachinayi chilichonse amakhala ndi asanu ndi limodzi. Mwana wa sukulu aliyense amadziwa zimenezi. Inenso m'mawa womwewo ndinali nditadandaula m'minibasi kuti chaka chino tchuthi chachedwa ndi tsiku limodzi. Koma zaka zitatu zapitazo, polemba mojulo ija, ndinaika asanu n'kupitirira, ndipo chiilembereni inali isanakumanepo ndi tsiku lachisanu ndi chimodzi.

Foni inaliranso, chipatala china. Kenako china. Ndinalowa m'foda ya Dagnachew n'kutsegula fayilo yomwe ndinakana kuiwerenga ija. Inali mojulo yanga yomwe, mzere ndi mzere, pamwamba pali dzina langa lokha. Anangosinthamo mizere inayi. Pambali pake analemba kuti: "Chaka chino Pagume ali ndi masiku asanu ndi limodzi. Yanga ndaiika kutsogolo mongoyembekezera, ya Etiye sindinaikhudze. Akaona n'kuvomereza, aike okha m'foda yaikulu."

Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire. Munthu uja anaona cholakwa changa mwezi wathunthu m'mbuyo, ndipo kwathu kuno wamng'ono sadzudzula mkulu pamaso pa bwana wake. Ine ndinakulira m'mwambo womwewo, ndimaudziwa bwino, ndipo ndikanakhala iye ndikanachitanso chimodzimodzi. Analakwitsa kusintha seva osauza munthu, zimenezo sindingamuchotsere. Koma pomwe ankayang'ana pansi m'chipinda muja, ankabisa dzina langa, osati lake. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya ndi manja awiri.

Ndinatsegula fayilo ya malangizo n'kulembanso dzina lake kutsogolo kwa foda yaikulu, ndi zala zanga zomwe. Seva itawerenganso, ndinaimbira Birke kuti asindikize kachiwiri. Pepala linatuluka ndi tsiku loona. Makalata olakwika anali atatuluka kale khumi ndi asanu ndi awiri, ena makolo atapita nawo kunyumba.

Ndinakwera kwa Gashe Mengesha n'kuwauza zonse, osadzichepetsera mlandu. Anamvetsera atagwira chibwano.

"Kalata inapita kulikulu Lachitatu," anatero. "Ndinalembamo mawu anu omwe aja, akuti wosintha seva mobisa. Ndilembanso ina, koma mukudziwa kuti pepala likalowa kumeneko silibwerera msanga. Malo ake akuti atumiza munthu wina."

"Gashe, ndipita ndekha ndikafotokoze."

"Pitani pakatha tchuthi. Koma mwamuimbira mwini wake?"

Ndinali ndisanamuimbire. Ndinatuluka panja, ndinaima pafupi ndi geti, ndipo foni inaitana nthawi yaitali. Atayankha ndinamva phokoso la basi ndi nkhuku.

"Etiye Tiruwork, muli bwanji? Chaka chikufikireni bwino."

"Dagnachew, muli kuti?"

"Tadutsa Debre Birhan, ndikubwerera ku Dessie. Chipinda cha lendi chija ndinabweza kwa eni ake dzulo."

Ndinangoti, "Ndawerenga fayilo ija."

"Ana a lero atuluka ndi tsiku lanji?"

"Tsopano akutuluka bwino. Ndabwezera mzere wanu. Dagnachew, ndinakulakwirani kwambiri. Mukanangonena pamaso pa Gashe, ndikanachita manyazi tsiku limodzi basi."

"Mukanachita manyazi, kenako miyezi yonse ndikanakhala nanu bwanji tebulo limodzi?" Sananene mokwiya, ndipo zimenezo zinandipweteka koposa. "Koma Etiye, mojuloyo musaisiye m'foda yangamo. Munthu akachotsedwa ntchito, foda yake amaifufuta pakatha masiku khumi, munandiphunzitsa ndinu lamulo limenelo. Ikafufutidwa seva ibwerera ku yakale ija, ndipo masiku onse a chaka chatsopano azidzatsogola ndi limodzi. Isamutsireni m'foda yaikulu lero lomwe."

"Ndiikamo ndi dzina lanu pamwamba."

"Ayi, musatero. A kulikulu akadzaona dzina langa m'seva adzati wakuba uja anasiyamo kanthu, adzaichotsa. Isiyeni ndi lanu, ndi lomwe amalikhulupirira."