Mkamwini pa Khonde la Sitima

Chaka chimene njanji idafika ku Salima, Solomoni adauma kukhosi ndi kutamanda sitima. Iye ankagwira ntchito yosankha fodya ku Limbe, koma mkazi wake Lidia anali akadali kwawo, m'mapiri a Ntchisi chakufupi ndi Malomo. Chidamubweretsa kumudziko chinali chimodzi basi, kudzapempha chitengwa kuti atenge mkazi wake akakhale naye kutauni. Malume ake a Lidia adati mawu omaliza ali ndi mayi wobala. A Nambewe, apongozi akewo, adayankhira kuseri kwa mpanda.

"Mwana wanga si mbuzi yongopatsirana chingwe. Ndikaone kaye kumene mukukamugoneka."

Njira zopitira ku Limbe zinali ziwiri. Ina inali lole ya mmwenye yochokera pa Dowa, yodzera ku Lilongwe ndi ku Dedza. Ina inali kutsika mapiri wapansi mpaka ku Salima, kukakwera sitima. Solomoni adayamba kulalikira Lidia mokweza, dala kuti a kuseri kwa mpanda amve.

"Lole ndi ya matumba, anthu amangokwererapo mwayi. Fumbi lake ukatsika ngakhale mbale wako sakudziwa. Koma sitima! Umakhala pa benchi ngati m'tchalitchi, mitengo n'kumakuyendera yokha. Malaya oyera umafika nawo ali mbee."

Sadaname kwenikweni, koma adasiyako ziwiri. Choyamba, ukatswiri wake wonse wa sitima unali wa pakati pa Limbe ndi Blantyre, ulendo woti ukayamba nyimbo ya m'buku umafika usanaimalize bwino. Chachiwiri, chimene ankaopa pa lole silinali fumbi ayi. Pa lole anthu amapanikizana, ndipo mkamwini akhoza kupezeka bondo lake lagundana ndi la apongozi. Chikwatirire, Solomoni anali asanawaonepo a Nambewe kumaso. Akakumana nawo panjira ankalowa patchire, minga kaya chitedze osalabada. Ankawadziwira zidendene ndi katsokomoledwe. Tsono sitima ili ndi mabogi ambiri, iye ankati akwera lakumapeto, iwo lakutsogolo, ulemu n'kusungika.

Adatsika mapiri aja, amayi patsogolo, Solomoni patali m'mbuyo, nsapato zili lende m'khosi kuopa kuti zingathe. Pofika ku Salima adavala malaya ake oyera, n'kuyenda ngati njanjiyo adayala ndi iyeyo.

Mabogi analipodi ambiri. Ena anali a azungu, opanda anthu, ena a katundu. La anthu akuda tsiku limenelo linali limodzi, kumbuyo kwenikweni kwa injini, lodzaza ndi anthu, nkhuku ndi mitolo ya nzimbe. Lidia ndi amayi ake adapeza pokhala. Malo otsala anali amodzi, moyang'anizana ndi a Nambewe.

"Ndikaone ngati woyendetsayu akuidziwa njira," adatero Solomoni, n'kutulukira pa kakhonde ka kumapeto kwa bogi.

Pamenepo ndiye adaidziwa sitima. Utsi wonse wa injini unkathera pa iye. Malaya aja adayamba kutuwa, kenako adangofanana ndi kunsi kwa mphika. Adadziseka yekha mumtima. Solomoni iwe, nzeru zidangothera m'dzina. Wayendetsa mayi wamkulu mapiri onse aja kuti adzaone mkamwini wake akuwambidwa. Ndipo mantha adamugwira, poti munthu wonama za sitima, ndani angamukhulupirire za nyumba ya ku Limbe?

Atapitirira Golomoti, kakhala kotentha kadamugwera m'diso. Adatikita, chitsotso n'kulowerera. Misozi idalemba mizere pa mwaye wa kumaso. Lidia adatuluka, adauzira, adayesa ndi nsonga ya mpango, koma sitima inkagwedeza ndipo chitsotsocho sichidatuluke.

"Ndikaitane amayi," adatero.

"Usayerekeze! Bola diso lipite."

Koma kumbuyo kwake kudamveka katsokomoledwe kaja. Miyendo ya Solomoni idafuna tchire monga mwa chizolowezi, ndipo tchire linalipo lambiri, kungoti linkadutsa pa liwiro loopsa.

"Thawiranitu m'tchiremo tione, bambo," adatero a Nambewe.

Solomoni adagwiritsa chitsulo cha pakhondepo, n'kutsinzina diso labwino lija kuti asungeko kaulemu kotsala. A Nambewe adamugwira chibwano, adatembenuza chikope ndi chala, n'kuchotsa chitsotsocho ndi lilime, monga ankachitira ndi ana awo. Adalavula kunja.

"Penyani."

Adapenya. Patsogolo pake panali nkhope ya mphini m'masaya, ndi maso oseka, omwe aja adamukopa pa Lidia. Manyazi adamugwira, koma pansi pa manyaziwo adamva chinthu chimene sadachiyembekeze. Mayi ake omubala adamwalira iye ali wamng'ono, ndipo kuyambira pamenepo panalibe adamugwirapo chibwano chotero.

"Amayi, pepani, ndidakunamizani za malaya," adatero Solomoni.

"Ndidadziwa tikadali kumudzi kuti simukuthawa fumbi, mukuthawa ine," adayankha. "Nyumba yanu ndikaiona poti ndanyamuka kale, koma mwini wake ndamuona. Munthu wolola kupsa ndi utsi poopa kundichepetsa sangamuzunze mwana wanga. Mumutenge."

Lidia adabisa nkhope mu mpango. Solomoni adafuna kuwomba m'manja mothokoza, koma atangosiya chitsulo chija sitima idamugwedeza, ndipo a Nambewe ndi amene adamugwira pamkono.

"Tsono lowani mukhale pa benchi lanu la m'tchalitchi lija, musanandipatse ntchito ya diso linalo."

Adalowa, adakhala pa malo aja. Sitima itakhota, bondo lake lidagunda la apongozi, ndipo palibe adasuntha.