Mzere wa kumbuyo kwanga

Ku koleji ndinkatsogolera zionetsero, chinkuzamawu pakamwa, ophunzira anzanga akundivomera ngati kwaya. Ndiye nditabwerera kwathu ku Malomo n'kunena kuti ndikufuna ukhansala, ndinkayesa ndi phala lomwa. Ndinadzinamiza.

Pachisankho chachipulula m'chipani mwathu sitiponya pepala. Opikisana amaima kutsogolo atafulatira anthu, ndipo wokufuna amadzaima kumbuyo kwako masanasana, mudzi wonse ukuona. Tsono wopikisana nane anali a Bonifasi, eni lole yokhayo yonyamula fodya wa kwathu kupita ku okushoni. Ndani angapute mwini lole mabelo ali pakhonde?

Ngakhale bambo anga, a Yosefe, anandiuziratu. "Takondwa, ndale zakozi zisandiwoletsere fodya. Ine ndikaima kwa a Bonifasi." Ndinapsa mtima, ndinawatcha amantha, m'nyumba tinkangopingasana ngati alendo.

Tsikulo tinaima pabwalo la sukulu, nkhope kuphiri. Woyendetsa chisankho anati wotembenuka achotsedwa. Kenako mapazi anayamba kumveka, tswatswatswa mu udzu wouma, onse ngati akulowera kwa a Bonifasi. Iwo ankangoseweretsa makiyi a lole. Ine maso kuphiri, makutu tcheru. Utsi wokhetsa misozi sunandiopsepo chonchi. Nanga ndikatembenuka n'kupeza mbuzi zokha, pamsika ndidzadutsa bwanji?

Wezulo italira ndinatembenuka. Mayo ine. Mzere unalipo, wokhotakhota mpaka pamjigo: amayi a kumphakati wathu wa kutchalitchi, anyamata a kabaza, alimi omwe ine ndinkawanyoza mumtima kuti ndi ogona. Atawerenga, ndinapambana, pang'ono pokha. Ndimawayamika anthu amenewa, chifukwa aliyense anaika fodya wake pachiswe, pomwe ine ndinangoikapo pakamwa.

Kumapeto kwenikweni kwa mzerewo kunali bambo, chipewa chitaphimba maso. Ndisanawafikire, a Bonifasi anali atafika kale.

"A Yosefe, mabelo anu aja mufunire galimoto ina."

"Tamva," anatero bambo.

Ndinagwada pafumbi pompo, anthu akuona. "Zikomo, bambo. Ndinakulakwirani."

"Dzuka, khansala sagwada pagulu," anatero akundikoka dzanja. "Koma mawa ulawire. Tikabwereke ngolo, ndipo ng'ombe ukakusa ndiwe."