Mano Osungira Mayeso

Ndinkapukuta makapu pang'onopang'ono, kwinaku ndikuyang'ana msewu pawindo. Makapu ake anali awiri okha, yanga ndi ya bambo, amene chimwalirire amayi amangokhala chete pa wailesi yakanema. Linali Loweruka, tsiku lobwera Darla.

Darla, mkulu wanga, ankaphunzira ntchito yotsuka mano mumzinda wa Columbus. Kuti apeze chiphaso, pa mayeso omaliza ankayenera kubwera ndi munthu wakewake, wa litsiro louma gwa kunsi kwa nkhama, kuti alichotse oyesa akuona. Litsirolo likachepa, munthuyo amabwezedwa pakhomo, wophunzira n'kulephera. Anafunafuna kutchalitchi ndi kokwerera basi, osapeza. Kenako anasuzumira m'kamwa mwanga, nakuwa ndi chimwemwe.

Kuyambira pamenepo ankabwera mlungu uliwonse. Kale pankatha miyezi inayi osamuona.

Analowa akukutumula chipale chofewa pajekete.

"Noreen, chuma changa! Khala apa. Yasamula."

Ndinakhala pampando wa kukhitchini, mutu chagada. Anavala magolovesi, nalowetsa kagalasi kozizira.

"Eee, koma ndiye miyala! Wina angamangire nyumba. Sunapite kwa dokotala wa mano, eti?"

Ndinapukusa mutu.

"Ukadzangoyerekeza, ndidzakupha. Kwatsala milungu iwiri yokha kuti mayeso afike, wamva?"

Ankawerenga mano motsitsa mawu, akulemba manambala m'kope. Tsitsi lake linkanunkhira ngati la amayi. Ndinkafuna kumuuza kuti anzanga onse a kusekondale anachoka m'tauni muno, kuti nthawi zina tsiku limatha ndisanayankhule ndi munthu. Koma m'kamwa munali zala zake.

Atamaliza anavula magolovesi, nayang'ana wotchi.

"Tiyi?" ndinafunsa.

"Ayi iwe, mabuku akundidikira. Tikakhoza, mano akowa adzawala mpaka anyamata azidzagwa m'ngalande."

Anapsompsona bambo pamutu, natenga makiyi a galimoto. Ndinamutsatira mpaka pakhonde, opanda nsapato.

"Darla."

"Lowa, uzizidwa."

"Nkhama zimatuluka magazi m'mawa uliwonse. Sindinakuuze, ndimaopa kuti unena kuti ndikatsukitse kwina, ndiye usiya kubwera." Ndinamugwira jekete. "Ku mayesoko ndipita, usadandaule. Koma ukadzachotsa zonsezi, m'kamwa mwanga simudzakhalanso chokubweretsa kuno. Ine ndikufuna uzibwerabe. Uzidzangokhala pampandopo, ine n'kumayankhula."