Ndevu za Maginito

"Maginito amenewa munamata ndinu?"

"Ndine, bwana makaniko. Ndinachotsa m'masipika a wailesi yakufa."

Makaniko anatuluka kunsi kwa takisi atagwira bawuti yotsekera oilo. Kunsonga kwake, pamene panali maginitowo, panali patamera ndevu zakuda zonyezimira: tiziduswa tachitsulo tokhatokha.

Dalaivala anamwetulira. "Mwaona mmene amagwirira ntchito? Poyamba ankakola pang'ono. Nditawonjezera ena, onani lero!"

"Achimwene, msampha ukamakola makoswe ambiri tsiku ndi tsiku, mumatama msampha kapena mumalirira chimanga?"

Kumwetulira kuja kunauma.

"Chitsulochi ndi injini yanu, ikudzidya yokha," anatero makaniko. "Maginito sachiza. Amangotola zogwa. Isiyeni tiitsegule, ikhale pano mpaka zipangizo zitapezeka."

"Nanga ndikangoyendabe?"

"Idzasankha yokha pofera. Mwina pachitunda, mutanyamula wodwala."

Dalaivala anakhala pa tayala lakutha. Takisiyo sinali yake. Inali ya apongozi ake, monganso nyumba imene ankagona, bedi, ngakhale chidebe chosambira. Anamubwereka kuti mwana wawo asamagone ndi njala. Kuisiya pagalaja, akanalowa m'nyumbamo chimanjamanja. Kuiyendetsa, kunali kukaiphera pamsewu. Choipitsitsa, nthawi zonse akasintha oilo ankakulunga ndevuzo m'kapepala n'kukaonetsa apongoziwo: "Onani, amayi, zoipa zonse ndachotsa." Iwo ankamutama kwa anzawo kuti mkamwini wawo ali ndi mutu wa sayansi.

"Ingopukutani bawutiyo, muthire oilo wolemera," ananong'ona. "Ndiganize kaye."

"Kuganiza ganizani, koma injini sisunga chinsinsi."

"Odi kuno!"

Anali apongozi, dengu la kumsika lili pamutu, akufuna kuti awaperekeze kunyumba. Dalaivala anadzambatuka n'kuwalandira dengulo ndi manja awiri. Makaniko anayesa kubisa dzanja kumbuyo, koma maso a mayiwo anali atafika kale.

"Ha! Lero ndiye mwakolola, akamwini!" Anatenga bawutiyo, naitembenuza padzuwa, n'kufikisa tiziduswato ndi chala. Makaniko anayamba kupukuta sipanala imene inali yoyera kale.

"Koma chinthu chimodzi chimandizunguza," anatero mayiwo. "Oilo mumathira watsopano, wa m'botolo lomata, ndimaona ndekha. Nanga chitsulo chonsechi chikuchokera kuti?"