Mabango Anayi a Melody

Atate akakana chinthu, ngakhale muitane wansembe mwangotaya nthawi. Chimfine chinawagwira sabata yathunthu, chifuwa chikulira ngati njinga yopanda girizi, koma zopita kuchipatala ku Mpanshya ayi. Ankadalira mapilitsi a amantadini amene mlamu wawo woyendetsa malole anawabweretsera kalekale. Ine ndinakalipa mpaka mawu kusasa. Ndinkaopa kuti liuma limeneli litiikitsa maliro.

Lachisanu minibasi inatsitsa Melody, mlongo wanga wamng'ono. Ameneyu watha zaka zisanu ku yunivesite akuphunzira kabowo kamodzi ka pa kachilombo ka chimfine. Kabowo, anthuni! Ndinkamuseka kuti anzake akukwatiwa, iye ali kakaka pa bowo losaoneka ndi maso.

Iye sanakalipe. Anasolola mabango anayi pa mphasa imene atate anaisiya osamaliza kuluka, n'kuwamanga pamodzi, pakati patatsala kanjira.

"Atate, khomo la kachilomboka ndi lotere, mizati inayi," anatero Melody. "Kakalowa m'thupi mwanu, asidi amadutsa pakatipa, ndiye kamamasuka n'kuyamba kuswana. Ntchito ya mankhwala anuwa ndi kutseka apa." Anakankhiramo njere ya mapira, inakhala bwinobwino.

"Tsono kachilombo ka masiku ano kanasintha malo amodzi okha pa mzati uliwonse." Anasuntha mabangowo kuti mfundo zake zikumane pakhomo. Njere inakana kulowa, koma atathira madzi oimira asidi uja, madziwo anadutsa ndithu.

Atate anadzuka akutsokomola. "Wamanga molakwika iwe, bweretsa kuno." Anamasula luzi, anamanganso mwa iwo eni, n'kuyesa okha. Kawiri, katatu. Njere inakanabe.

"Mfundo yokhayi?"

"Yokhayo, atate."

"Ha! Ndiye kuti ndakhala ndikutseka pakhomo panga ndi chitseko cha nyumba ina." Anawatembenuza mabangowo pang'onopang'ono. "Ndipo iwe unakaona kabowoka?"

"Tinakajambula ndi makina. Zinatitengera zaka zitatu kuti chithunzi chioneke."

Kunena zoona, ine ndinangoti kukamwa yasa. Kamwana kamene ndinkakabereka kumbuyo popita kumunda kanasuzumira m'kati mwa chinthu chimene ife timangochimva ndi mphuno! Ndinanyada, ndipo manyazi anandigwira.

"Iwe Bwezani, wayasamira chiyani?" anandikalipira atate akufufuza nsapato zawo. "Popa njinga tizipita kuchipatala. Mwana wanga wandionetsa."